Ngongole Zopanda Mboni

Aliyense amene anagwirapo ntchito ya uajenti wa ndalama za pafoni akudziwa kuti bizinesi imeneyi ili ndi matumba awiri. Loyamba ndi kashi, ndalama za pamanja zimene zimakhala m'chikwama cha m'chiuno kapena m'kabati ka pansi pa thebulo. Lachiwiri ndi floti, ndalama zimene zili m'foni. Kasitomala akadzaika K10,000, kashi amakwera, floti n'kutsika. Akadzatapa, floti imakwera, kashi n'kutsika. Ukaphatikiza ziwirizi madzulo, mpamba uyenera kukhala womwe uja unali nawo m'mawa. Phindu la ajenti limabwera padera, ndi komishoni imene kampani imawerengera malinga ndi ntchito imene wagwira. Choncho masamu akaperewera, palibe zoti lero malonda sanayende. Ndalamazo wachotsa ndi munthu, ndipo pa thebulo lathu la ku Nsungwi, ku Area 25, munthuyo ndinali ine.

Ndine mmodzi mwa amene tinalemba mayeso a MSCE a 2020, aja anathetsedwa atabedwa n'kudzalembedwanso kumayambiriro kwa 2021. Ndinakhoza, koma mapointi anga sanali oti n'kulowa nawo ku yunivesite ya boma. Nditakhala kumudzi ku Ntcheu osachita kanthu, amalume amene amagwira ntchito ku Johannesburg anati ndipite ku Lilongwe kwa achemwali, iwo atumiza mpamba, nditsegule thebulo. Anagula ambulera, mpando, mafoni awiri ang'onoang'ono a mabatani ndi buku lolembamo. Malaini a bizinesi analembetsa m'dzina la achemwali, koma iwo anali ndi ntchito yawo ku Old Town, ndiye amangofunsa madzulo kuti, "Zayenda?" Ine n'kuyankha kuti zayenda.

Ife a msinkhu wanga tinakula nazo zinthu zimenezi. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira chaka chinacho, tili kupulaimale. Sitinaonepo kwenikweni zimene amasimba makolo, zopatsira kondakitala wa basi envelopu ya ndalama n'kumapemphera kuti ikafike. Ndipo ngongole yoyamba ambiri a ife sitinaitenge kubanki kapena kwa munthu. Tinaitenga pa mayunitsi. Foni ikauma usiku uli pakati pocheza ndi chibwenzi, umangodina manambala, mayunitsi a K200 alowa, adzadula okha ukadzathira ena. Palibe amene amaitchula ngongole imeneyo. Umangoti "ndabwereka mayunitsi," ngati wabwereka mchere kwa aneba. Pofika nthawi imene uthenga unabwera pa laini yanga woti ndine woyenera kubwereka ndalama zenizeni, chala changa chinali chitazolowera kale.

Ngongole yoyambayo inali yaing'ono, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Kunyumba magetsi anatha usiku, achemwali anali asanalandire, ndiye ndinabwereka n'kugula mayunitsi a ESCOM ndili chogona. Ndinabweza nthawi isanakwane. Kampani inandithokoza ndi uthenga n'kundikwezera malire. Kunena zoona ndinamva kukoma. Munthu amene sanandionepo, amene sadziwa kuti mayeso anga anayenda bwanji, wandikhulupirira.

Ngongole imene ndinkatengayo inali ndi chiwongola dzanja cha K10 pa K100 iliyonse, yobweza pakatha masabata awiri, ukachedwa n'kuwonjezerapo chilango. K1,000 pa K10,000 sioneka ngati kanthu, ndi tchipisi cha masana. Koma ine sindinkabwereka kamodzi. Ndinkabweza m'mawa, masana n'kubwerekanso. Munthu wochita zimenezo amalipira K20 pa K100 mwezi uliwonse, ndipo chaka chikamatha amakhala atapereka chiwongola dzanja choposa kawiri ndalama imene wakhala akuizunguza. Masamu a Fomu 2 amenewa, ndipo ine tsiku lonse ntchito yanga inali kuwerenga ndalama za anthu. Sindinawachitepo olo tsiku limodzi.

Kubetcha kunalowa pambuyo pake. Loweruka lililonse kuyambira cha m'ma 10 koloko, anyamata amadzaza pa thebulo: akabaza, ogulitsa kaunjika, ana asukulu za sekondale atavula yunifolomu. "Ajenti, tandiikireni 500." "Akulu, 1,000 mwachangu, mpira ukuyamba." Ndinkadziwa kumene ikupita. Mmodzi akawina amabwera kudzatapa pomwepo, mokuwa, gulu lili pambuyo. Amene aluza sabwera kudzalengeza. Choncho ine, wokhala pa thebulo, ndinkangoona owina okhaokha. Ndinayamba ndi tikiti ya K200 pa matimu a ligi ya ku England, kenako ndinapeza kandege kaja kamene kamauluka pa sikirini ndalama zikuchulukana, iwe n'kumadikira kuti udine kasanathawe. Mpira umakupatsako mphindi 90 zoti uganize. Kandege kamadya K5,000 madzi a tiyi asanawire.

Tsiku loyamba kugwira floti ya amalume sindinadzione ngati wakuba. Ngongole inali itakwana nthawi, m'thumba mulibe, ndiye ndinadziikira K8,000 kuchoka pa laini ya bizinesi kupita pa yanga, ngati mmene ndimaikira kasitomala aliyense, kungoti kashi sindinaponye m'chikwama. Ndinabweza ngongoleyo, ndinabwerekanso, n'kubwezera flotiyo mawa lake, koma yoperewera ndi chiwongola dzanja chija. Kabowo kanayambira pamenepo. M'buku ndinkalemba masamu oyenera kukhalapo, osati amene analipo.

Apa mpamene ndikufuna owerenga amvetse, chifukwa nditaganiza kwambiri ndaona kuti chinandimiza si kukula kwa ngongolezo. Panalibe ngongole ngakhale imodzi imene ikanandilemera kubweza. Chinandimiza n'chakuti panalibe munthu amene ankaziona. Amayi kumudzi ali mu banki m'khonde. Akafuna kubwereka amakhala pa mkeka pamaso pa amayi anzawo onse, amanena ndalama zimene akufuna, ndipo wina amafunsa kuti, "Nanga ija munatenga mwezi watha ya feteleza ili pati?" Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Chiwongola dzanja chawo n'chimodzimodzi ndi chimene ine ndinkalipira, K20 pa K100 pamwezi, koma chawocho chimabwerera m'bokosi, n'kudzagawana pakutha pa chaka. Ngakhale wa katapila, woipa uja, umayenera kuyenda wapansi kukamupeza, kumupatsa moni, kumufotokozera vuto lako, iye n'kukuyang'ana m'maso. Pa ulendo umenewo ena amabwerera panjira chifukwa cha manyazi. Sindikuyamikira katapila ayi, ndipo ndikudziwa amayi amene analandidwa ziwiya ndi malata chifukwa cha banki m'khonde, ena mpaka kuthawa m'mudzi. Koma kumeneko ngongole imakhala ndi mboni. Ya pafoni umatenga 2 koloko usiku uli m'bulangete, mkazi kapena mchemwali wako ali chipinda chinacho, osamva kanthu. Palibe amene amafunsa kuti ndi ya chiyani. Ndipo poti ndalamazo sunazigwire m'manja, sunaziwerenge ndi malovu pa chala, ngakhale iwe mwini suona kuti zatuluka.

Malire a laini yanga atandichepera, ndinachita chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Kuyambira 2018, simukadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Mlongo wanga wamng'ono anali atabwera kutchuthi, chiphaso chake chatsopano. Ndinati, "Tiye ukandilembetsere laini ina, ndi ya bizinesi." Anapita mosangalala, akuona ngati akuthandiza mchimwene wake. Ajenti amadziwa mmene malire a ngongole amakwerera: makina amaona ndalama zimene zikulowa ndi kutuluka pa laini, ndi mmene munthu akubwezera. Ndiye ndinkadutsitsa floti pa laini ya mwanayo, kulowetsa ndi kutulutsa, kuti ioneke ngati ya munthu wa geni yotentha. Pasanathe miyezi yambiri, mtsikana wa Fomu 4 amene sanagwirepo K50,000 yakeyake anali woyenera kubwereka ndalama zoposa pamenepo. Ndinayamba kubwereka uku kubweza uko.

Makasitomala ndi amene anayamba kumva ululu. Munthu akabwera ndi K100,000 kuti atumize, ndinkati, "Floti yatha, bwana." Akafuna kutapa yambiri, "Kashi ndilibe" kapena "Netiweki ikuvuta." Mawu amenewa ajenti aliyense amanena, nthawi zina moona, choncho palibe amene anandikayikira. Ankangopita pa ambulera ina. Komishoni inatsika, ndipo ndinauza amalume kuti maajenti achuluka pa Nsungwi, zimenenso zinali zoona. Bodza langa lonse linali lomangidwa ndi zinthu zoona. Choseketsa n'chakuti nthawi yomweyo ndinkatchuka ngati mnyamata wochenjeza anthu. Agogo akabwera ndi uthenga uja wa akathyali woti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi," kapena woti awina mphoto koma ayambe alipira kaye, ndinkawaletsa, n'kuwauza kuti nambala yachinsinsi asauze munthu, olo atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Ankandidalitsa pochoka.

Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, pamwamba pa 25 peresenti ija ya mu May 2022. Zinthu zinakwera m'maokala sabata yomweyo. Anthu anayamba kutapa ndi kutumiza ndalama zikuluzikulu pa zinthu zomwezo, mpamba wa ajenti aliyense n'kuchepa mphamvu. Anthu onse ankalira, koma ine kugwa kwa kwachako kunandibisa. Ma rand a amalume anayamba kubala makwacha ambiri, ndipo iwo, poganizira mphwawo, anawonjezera mpamba kufika pa K600,000. Ndalama zatsopanozo zinakwirira dzenje, bizinesi n'kuoneka ngati yadzuka. Ukanakhala mwayi wanga woima n'kuulula dzenje likadali laling'ono. M'malo mwake ndinaona kuti tsopano ndili ndi mpata wobetcha zikuluzikulu kuti ndibweze zonse kamodzi.

Zinaululika nthawi ya dzinja. Agogo, mayi awo a amayi ndi amalume, anadwala mwadzidzidzi usiku, ndipo kwathu n'kutali ndi msewu wa tala. Pankafunika kuchita hayala galimoto kupita nawo kuchipatala. Amayi foni yawo imavuta, ndiye amalume anatumiza K80,000 kuchokera ku Joni molunjika pa laini yanga, kuti ine nditumize kwa ajenti wa pa sitolo za kwathu. Uthenga woyamba unalowa kuti ndalandira K80,000. Ndisanatsegule n'komwe, wachiwiri unalowa: ngongole yanga yochedwa, pamodzi ndi chilango, yadulidwa. Panatsala K34,000. Sikuti anandibera. Ndinavomera ndekha tsiku limene ndinabwereka, pamene ndinadina 1 osawerenga. Ndinathamangira ku mafoni a bizinesi, koma madzulo a tsikulo ndinali nditasesa floti pa kandege, kashi wotsala ali wochepa ndipo usiku umenewo panalibe koti n'kumusandutsa floti.

Ndinatumiza K34,000 yomweyo, n'kuuza amayi kuti ndi imene yafika. Sanafunse. Galimoto inakanika, ndiye anapeza njinga yamoto. Agogo, munthu wa zaka zoposa 80, anakwezedwa pakati, woyendetsa kutsogolo, msuweni wanga kumbuyo atawakumbatira kuti asagwe, mvula ikuwaza, msewu uli matope. Anafika, anagonekedwa, ndipo anachira. Anthu akamva nkhaniyi amapumira m'mwamba pamenepa, amati Mulungu ndi wabwino, ndipo ndi wabwinodi. Koma kuchira kwawo sikuchotsa chimene ndinachita. Akanagwa panjira paja, nkhani yake ikanakhala yomweyi, ine yemweyu.

Patapita masiku, amalume anaimbira amayi kufunsa kuti galimoto inadya zingati. Madzulo ake achemwali anabwera pa thebulo asanapite kunyumba, chinthu chimene sankachita. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kunena kuti, "Tseka. Bweretsa buku, chikwama ndi mafoni onse, ndi yakoyo." Anaimbira amalume pa WhatsApp n'kuika foni pa thebulo. Amalume, amene chibadwire changa amanditchula kuti iwe, anati, "Tatiuzani bambo, ndalama za amayi anga munapita nazo kuti?" Ndinayamba za netiweki. Achemwali anangoti, "Usatero. Werenga kashi." Ndinawerenga pamaso pawo. Anaona floti m'mafoni onse awiri. Pa K600,000 panali K290,000.

Mawa lake anandiperekeza ku shopu ya kampani kukapempha sitetimenti ya laini yanga. Ya mlongo wanga tinachita kudikira mwini wake, zimene zinatanthauza kumuuza. Kenako tinakhala pa mkeka kunyumba ndi mapepalawo, achemwali ali ndi cholembera chofiira, kugawa chilichonse m'magulu. Usiku umenewo ndi umene ndinaona koyamba moyo wanga wa chaka chathunthu utalembedwa mzere ndi mzere, tsiku ndi ola lake.

Ndinkayembekezera kuti kubetcha ndiye kudya zonse, ndipo mumtima ndinkafuna zitatero, chifukwa umboni wa "juga inandigwira" umamveka bwino kutchalitchi, anthu amaudziwa, amadziwanso poyankhira ameni. Koma kubetcha kunadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Gawo lina lalikulu linali chiwongola dzanja, zilango za kuchedwa, ndi ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa pamene ndinkazunguza ndalama pakati pa malaini. Zotsalazo zinali zinthu zimene sindikanazikumbukira n'komwe: bandulo ya tsiku ndi tsiku m'malo mwa ya mwezi, K2,000 kwa mnzanga wa kusukulu amene analemba kuti "aise, zandithina," K3,000 ya tsitsi kwa chibwenzi, kabaza pa mtunda woti n'kuyenda, nsapato za pa sitetasi ya WhatsApp zimene ndinalipira ndisanaziyese n'komwe. Akuluakulu amati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo amanena zosonkhanitsa. Sindinkadziwa kuti ndi mmenenso chuma chimachokera. Achemwali anafika pa mzere wina wa 02:14 usiku, K5,000, wina 02:19, K5,000, wina 02:31, K10,000 ya ngongole. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ine ndinali chipinda icho." Sanawonjezere mawu.

Amalume sanapite kupolisi, ngakhale alamu anga ankati apite. Anagamula kuti ngongole za pafoni zibwezedwe kaye zonse kuchokera pa mpamba wotsalawo, kuyambira ya mwana uja, chifukwa zimenezo zimakula zokha ukamagona. Achemwali anakumbutsa kuti masiku ano kuli mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene mabanki amawafunsa asanabwereke munthu, ndipo dzina la mtsikana amene sanayambe n'komwe moyo lisapezeke ndi litsiro la wina. Zonse pamodzi, ngongole yanga kwa amalume inakwana K420,000. Anati ndipitirize kukhala pa thebulo, koma theka la malipiro anga lizipita kubweza.

Ena anandilangiza kuti nditaye foni yaikulu, ndibwerere ku kashi. Sindinatero, ndipo sindikhulupirira kuti yankho lili kumeneko. Njira yomweyi ndi imene inafikitsa K34,000 ija ku Ntcheu pakati pa usiku. Ndi imene amayi ogulitsa tomato pa Nsungwi amasungira ndalama kuti asayende nazo m'mpango madzulo, ndi imene makolo amalipirira fizi osakwera minibasi. Chimene tinachita n'chosavuta, ndipo n'chochititsa manyazi pang'ono kwa mwamuna wa ndevu zake. Madzulo aliwonse ndimajambula tsamba la buku, mabalansi a mafoni onse ndi kashi ataandalika pa thebulo, n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la anthu atatu: ine, achemwali ndi amalume. Kumapeto kwa mwezi achemwali amaona mauthenga a pa laini yanga. Ndinawauza kuti ndikafuna kubwereka paliponse ndiziyamba ndanena pa gulupo kuti ndi ya chiyani. Chiyambireni ndafunapo kangapo, koma ndikayamba kulemba chifukwa chake, ndimafufuta ndisanatumize. Mauthenga a kampani oti ndine woyenera kubwereka amabwerabe, ndipo malire anakweranso nditamaliza kubweza.

Chimene sindinachipezere yankho ndi Loweruka. Anyamata aja amabwerabe, ena ang'ono kuposa ine, ndipo ndimadziwa nkhope ya munthu amene akuika ndalama yoti si yake: sayang'ana ajenti, amayang'ana foni, ndipo amabweranso pasanathe ola. Wina amagwira pa thebulo la ajenti mnzanga kumtunda kwa msika, ndipo amadzaika kwa ine m'malo moika kwawo. Ndikudziwa chifukwa chake. Ndinamukokera pambali tsiku lina n'kumufotokozera zanga zonse. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti, "Inuyo akulu munalibe sisitimu." Ndinamuikira 2,000 yakeyo. Ndikakana apita pa ambulera ina, ndipo komishoni ya Loweruka ndi imene ikubweza ngongole ya amalume.

Agogo sanauzidwe chilichonse mpaka lero. Iwo amadziwa kuti usiku uja galimoto inasowa chifukwa cha matope, ndipo ndikapita kumudzi amandisungira nthochi. Amayi anandikhululukira msanga, mwina msanga kwambiri. Amalume anabwerera ku iwe patapita miyezi, ngakhale nkhani yoti adzanditengere ku Joni sanaitchulenso. Mlongo wanga ndiye sanalankhule nane nthawi yaitali. Laini ija anakaitseketsa yekha, n'kugula ina imene nambala yake ndinachita kuimva kwa achemwali. Pano ali ku koleji ya ntchito zamanja, amasoka madiresi n'kumagulitsa kwa anzake, ndipo akafuna kutumiza kangachepe kwa amayi amadutsa pa thebulo langa, kundipatsa moni bwinobwino, n'kukaika kwa ajenti wa patsogolo. Kwa amalume kwatsala K95,000.